Mawu a Tsiku Limodzi: Mwambo wa ku Herrnhut

Madzulo a pa 3 Meyi 1728, anthu a m'kamudzi ka Herrnhut, m'chigawo cha Saxony kum'mawa kwa Germany, anasonkhana kuti aimbe nyimbo asanakagone, monga ankachitira masiku onse. Msonkhano usanathe, mwini malowo, Nikolaus Ludwig von Zinzendorf, anawapatsa mawu ochepa a m'nyimbo nawauza kuti ayende nawo mawa lonse. Anawatcha Losung, dzina la mawu achinsinsi amene mkulu wa asilikali amapereka dzuwa likamalowa, kuti mlonda akamva mgugu mumdima adziwe ngati wobwerayo ndi mnzake kapena mdani. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse mbale mmodzi ankayenda khomo ndi khomo m'nyumba 32 za mudziwo, kupereka moni ndi kunena mawu a tsikulo. Mu 1731 mawuwo anasindikizidwa m'kabuku ka chaka chonse, ndipo kuchokera pamenepo kabukuko sikanadumphepo chaka, ngakhale m'masiku a Napoleon, ngakhale m'nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Lero kamatuluka m'zinenero zoposa 50, ndipo ambiri mwa okawerenga si a mpingo wa Moravian umene unakayambitsa.

Miyambo yambiri yachipembedzo imene inayaka ndi moto waukulu kuposa uwu inazima mbadwo wa oiyambitsa utangotha. Uwu watsala pang'ono kukwanitsa zaka 300. Ine ndikuona kuti chimene chausunga si kukoma kwa mavesi, pakuti mavesiwo ali m'Baibulo lililonse ndipo aliyense angadzipezere. Chausunga n'chakuti umaphunzitsa munthu chinthu chimene mtima wake sufuna kuphunzira, ndicho kulandira mawu amene sanadzisankhire, n'kuwasenza tsiku limodzi, akudziwa kuti mnzake wa kuseri kwa mpanda walandira omwewo. Kumvera Mulungu timakonda kukulalikira pa nkhani zikuluzikulu, za ukwati, za ntchito, za kusamuka, za imfa. Anthu a ku Herrnhut anazindikira kuti khutu limene silinazolowere kumva Lolemba ndi Lachiwiri wamba silidzatseguka pa tsiku la mphambano. Komabe mbiri yawo ikusonyeza kuti anapunthwa kangapo, mpaka kuvulaza anthu ena, asanadziwe pamene mwambowu uyenera kulekezera, ndipo wokamba za iwo moona mtima sangalumphe zopunthwazo.

Anthu amenewa anali othawa kwawo. Makolo awo m'chikhulupiriro anali otsatira a Jan Hus, mlaliki wa ku Prague amene anatenthedwa pamoto ku Konstanz pa 6 Julayi 1415. Mu 1457 ena mwa otsatirawo anadzipatula ku Kunvald nayambitsa mpingo wotchedwa Umodzi wa Abale, kutatsala zaka 60 kuti Martin Luther ayambe kutsutsana ndi Roma. Achiprotestanti a ku Bohemia atagonja pa nkhondo ya ku Bílá Hora mu 1620, mpingowo unaletsedwa, abusa anathamangitsidwa, ndipo bishopu wawo wotchuka, Jan Amos Komenský, anafera kudziko la eni mu 1670. Otsala m'midzi ya ku Moravia anapemphera mobisa zaka 100. Mu 1722 kalipentala wina, Christian David, anawolotsa mabanja ochepa malire, ndipo Zinzendorf, mnyamata wa zaka 22 wa m'banja la mafumu amene anali atangogula malo a Berthelsdorf, anawalola kumangapo. Mtengo woyamba unagwetsedwa pa 17 Juni 1722. Dzina lakuti Herrnhut limanena za ulonda wa Ambuye, ndipo limamveka pawiri: Ambuye kulonda anthu ake, ndi anthu kukhala maso pa ulonda wa Ambuye.

Wina angaganize kuti anthu ovutikira chinthu chimodzi amakhala mwamtendere akapeza pogona. Sizinatero. Mbiri ya malo a ufulu itamveka, ku Herrnhut kunakhamukira anthu a ziphunzitso zosiyanasiyana: Achilutera, Achikalvini, otsatira a Schwenckfeld, ndi ena okana mpingo uliwonse wokhazikika. Pofika 1726 mudzi unali utang'ambika. Ankakangana za ubatizo, za Mgonero wa Ambuye, za kusankhidwiratu kwa opulumuka, ndiponso ngati kunali koyenera kupemphera m'tchalitchi cha Chilutera cha ku Berthelsdorf, kumene kunali abusa Johann Andreas Rothe. Munthu wina dzina lake Krüger anafika polalikira kuti Zinzendorf ndiye chilombo cha m'buku la Chivumbulutso, Rothe ndiye mneneri wonyenga, ndipo Christian David yemwe, wogwetsa mtengo woyamba uja, anatuluka m'mudzi nakamanga kanyumba kake payekha. Apa ndi pamene pagona nkhani. Anthuwa sanali osowa Baibulo. Analidziwa kuposa ambiri a ife, ndipo anatayira minda ndi nyumba chifukwa cha ilo. Vuto linali lakuti aliyense anali ndi vesi lake lodzisankhira, lolinola ngati nkhwangwa yoti akadulire mnzake. Munthu akamatsegula Baibulo ali ndi mlandu kale mumtima, dzanja limapita lokha pa tsamba lomuikira kumbuyo. Amadzuka pamenepo akunena kuti wamvera Mulungu, pomwe wangomva mawu ake omwe akumubwerera ngati wofuula m'phanga.

Zinzendorf anasiya ntchito yake ya boma ku Dresden nadzakhala pakati pawo, akulowa nyumba ndi nyumba kukambirana ndi okanganawo. Pa 12 Meyi 1727 mudzi wonse unavomera pangano la ubale, ndipo pa 13 Ogasiti, pa Mgonero m'tchalitchi chomwe chija ankachikanganirana, adani anakhululukirana. A Moravian amakumbukira tsikulo mpaka lero ngati kubadwanso kwa mpingo wawo. Patapita milungu iwiri, amuna 24 ndi akazi 24 anagawana maola a usana ndi usiku kuti pemphero lisaduke, ndipo ulonda umenewu unapitirira zaka zoposa 100. Mawu a tsiku anabwera patatha miyezi pafupifupi 9. Kutsatana kwa zinthuzi kukutiuza ntchito yake. Chitsitsimutso chili ngati mvula yoyamba: imafewetsa nthaka, koma siilima munda. Misozi ya mu Ogasiti sikanatha kugwirizanitsa anthu chaka ndi chaka pamene akubwerekana zida, kukongozana ndalama ndi kulerera ana pabwalo limodzi. Panafunika kanthu kakang'ono kobwera m'mawa uliwonse, kolanda aliyense nkhwangwa yake ija. Wachikalvini ndi Wachilutera akakumana pachitsime, anali atamva kale mawu amodzi amene palibe mwa awiriwo anawasankha, ndipo panalibe wonena kuti vesi la lero lachokera kumbali yathu.

Zoti mawuwo anali a tsiku limodzi lokha n'zosayenera kuziona mopepuka. Mutu 16 wa Eksodo umasimba za mana a m'chipululu amene ankatoledwa m'mawa uliwonse, ndipo wosunga a mawa ankawapeza atagwa mphutsi. Othawa kwawo ankaimva nkhaniyi m'thupi mwawo, pakuti boma la Saxony linkatha kuwathamangitsa nthawi iliyonse, ndipo mu 1736 linathamangitsadi Zinzendorf, amene anakhala kunja kwa dziko lake zaka zoposa 10. Munthu wotere akafuna lonjezo la zaka 20 asanayambe kudalira Mulungu, sadzayamba. Mlimi amene nkhokwe yake yatha mu Januwale chimanga chikadali chanthete amadziwa kusiyana kwa kudalira kwa m'nyimbo ndi kudalira kwa m'mawa umene mulibe ufa m'nyumba. Sindikunena kuti kusunga chakudya kapena kukonzekera mawa n'kusakhulupirira. Anthu a ku Herrnhut anali amisiri odziwa kuwerengera. Koma kudalira kwenikweniko sikutheka kukututa kamodzi n'kukuthira m'nkhokwe. Chikhulupiriro cha dzulo, ngakhale chinali chachikulu chotani, sichimudzutsa munthu lero kuti akapepese mkazi wake kapena akabweze ngongole. Pafunika kumvanso.

Poyamba Zinzendorf ankasankha yekha mawuwo, koma m'kupita kwa nthawi mpingo unakhazikika pa njira imene ikutsatidwa lero. Chaka chilichonse ku Herrnhut amaika m'mbale timapepala ta manambala toimira mavesi pafupifupi 1,800 a m'Chipangano Chakale, n'kuchita maere, vesi limodzi pa tsiku lililonse la chaka chimene chikadali kutsogolo ndi zaka 3. Kenako munthu wophunzira Malemba amasankha vesi la m'Chipangano Chatsopano logwirizana nalo, n'kuwonjezera ndime ya nyimbo kapena pemphero. Apa Mkhristu wa kwathu kuno sangachedwe kukweza dzanja. Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi kuombeza ula? Ife amene tinaphunzitsidwa kuti maula ndi za mdima, tingalemekeze bwanji mbale ya maere chifukwa chakuti ili ku Ulaya? Funsoli n'lolemera, ndipo si la lero. Misonkhano ya mabishopu ya ku Vannes cha m'ma 465 ndi ku Agde mu 506 inaletsa Akhristu kuombeza ndi mabuku opatulika, kutsegula tsamba mwachisawawa kuti adziwe zam'tsogolo. Mpingo unaona kalekale kuti munthu angathe kusiya mafupa a sing'anga n'kunyamula Baibulo, mtima wake uli womwe uja wofuna kusuzumira mawa.

Kuyankha kuti a Moravian sanagwepo m'dzenje limeneli kungakhale kunama. Anagwamo, mpaka m'khosi. Potsamira pa Miyambo 16:33 ndi pa nkhani ya kusankhidwa kwa Matiya m'mutu woyamba wa Machitidwe, ankachita maere pa zosankha zenizeni za moyo. Ankagwiritsa ntchito timapepala titatu, kena kovomera, kena kokana, kachitatu kopanda kanthu kotanthauza kuti dikirani. Maere ndiwo anatsimikiza kuti Leonhard Dober apite ku chilumba cha St Thomas mu 1732. Mu Seputembala 1741, pa msonkhano wa atsogoleri ku London, Dober yemweyo atatula udindo wa mkulu wa mpingo wonse, anagwirizana kuti mpandowo usakhalenso wa munthu koma wa Khristu mwini, ndipo maere anakhala njira yofunsira Mkuluyo. Anayamba kufunsa za malo omangapo mudzi, za woyenera kulandiridwa mumpingo, za woyenera kudzozedwa, mpaka za ukwati. Mnyamata ankatha kutchula mtsikana, akulu n'kuchita maere, kapepala kokana kakatuluka nkhani n'kuthera pomwepo. Cholinga chinali chabwino, kuti mkulu wa mpingo asakondere mwana wa mlongo wake, kuti wolemera asagule mpando. Koma chipatso chake chinali chakuti anthu anayamba kutula pa kapepala katundu amene Mulungu anawasenzetsa iwo, wa kuganiza, kufunsa nzeru, kusankha ndi kuyankha mlandu wa chosankhacho. Achinyamata, makamaka a m'midzi yawo ya ku America, anadandaula kwa zaka zambiri. Sinodi ya mu 1818 inayamba kumasula maukwati ku maere, ndipo ya mu 1889 inawachotseratu pa zosankha za mpingo.

Chochititsa chidwi n'chakuti atataya maere ponseponse anawasiya pamalo amodzi okha, m'mbale ya mavesi. Ndikukhulupirira kuti anasiyanitsa bwino, ndipo yankho la funso la maula lili pomwepa. Wopita kwa sing'anga amanyamula funso lake, lakuti wandilodza ndani, ulendowu ndiyende kapena ayi, ndipo amafuna yankho lomuchotsera mantha a zosadziwika. Mawu a tsiku sayankha funso la munthu aliyense. Anatuluka m'mbale zaka 3 zapitazo, m'manja mwa anthu osadziwa dzina lako, ndipo omwewo akuwerengedwa ndi mkwatibwi ndi namfedwa, wochira ndi amene akutsirizika. Sangakuuze kuti ugule munda kapena usagule. Amene amawawerenga motero wabwerera ku maula, ndipo alipo otero, monga aliponso amene amatumizirana mavesi pa foni ngati zithumwa za mwayi. Ntchito ya maere pano ndi yaing'ono koma yofunika: amasankha chimene umve, osati chimene uchite. Amachotsa dzanja la mlaliki wokonda mutu umodzi, amachotsanso dzanja lako lomwe limene likanathamangira ku masalimo otonthoza pa tsiku limene ukufunika chidzudzulo. Ukamva, ntchito yonse ya kumvera ikadali yako, ndi nzeru zako, ndi chikumbumtima chako, ndi uphungu wa abale.

Pali ena, makamaka ophunzira za Baibulo, amene amadandaula kuti vesi lozulidwa pamalo pake limanena chilichonse chimene wowerenga afuna. Akunena zoona. Lonjezo limene mneneri anapereka kwa akapolo a ku Babulo si kalata yolembera wamalonda wa lero. Vesi lachiwiri lija, losankhidwa ndi munthu woganiza, linaikidwa kuti litchinge mpata umenewu, ndipo kabukuko kamasonyezanso ndime zazitali zoti munthu awerenge mwadongosolo. Amene amadya vesi limodzi patsiku osatsegulanso Baibulo akukhalira ndiwo popanda nsima. Komabe tisaiwale amene mwambowu unawapangira: owomba nsalu, oumba mbiya, amayi a ana aang'ono, anthu amene sakanatha kusenza mutu wathunthu m'mutu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Chiganizo chimodzi chimalowa nawe m'munda ndi mumsika, ndipo chimakupeza pa ola limene mkwiyo wayamba kukwera.

Chitsutso china chinachokera kwa munthu amene anawakonda poyamba. John Wesley anakumana ndi a Moravian m'sitima yopita ku Georgia, ndipo pa 25 Januwale 1736, namondwe atang'amba thanga madzi n'kukhuthukira m'kati, anaona Angelezi akukuwa pamene Ajeremaniwo, ndi akazi ndi ana omwe, anapitiriza kuimba. Bata limenelo linamusautsa mpaka linamufikitsa pa kutembenuka mtima kwake kwa pa 24 Meyi 1738 ku London, ndipo chaka chomwecho anakacheza ku Herrnhut. Koma mu 1740 anapatukana nawo, chifukwa mlaliki wawo wina, Philipp Heinrich Molther, ankaphunzitsa ku London kuti wosatsimikiza za chikhulupiriro chake angokhala chete kudikira Mulungu, osapita ku Mgonero, osalimbikira kanthu. Wesley anaopa kuti kudalira kotere kumabala manja lende. Mantha akewo ali ndi malo ake, pakuti ulesi umadziwa kuvala malaya a chikhulupiriro. Koma mbiri ya Herrnhut yeniyeniyo ikutsutsa zoti mwambo wa kumva tsiku ndi tsiku umafooketsa anthu. Kamudzi ka anthu mazana ochepa kanatumiza Dober, woumba mbiya, ndi David Nitschmann, kalipentala, ku West Indies mu 1732, ena ku Greenland mu 1733, ndi Georg Schmidt ku Cape mu 1737, kumene anakhala pakati pa Akhoikhoi pamalo amene lero ndi Genadendal. Schmidt anakakamizika kuchoka mu 1744, koma a Moravian atabwerako mu 1792 anapeza mayi wokalamba, Magdalena, akusungabe Chipangano Chatsopano chimene iye anamusiyira. Kumudzi, Abraham Dürninger anatenga sitolo ya mpingo mu 1747 naikuza kukhala malonda aakulu a nsalu. Ndipo mu 1891 gulu lawo lina linadzera mu Zambezi, mu Shire ndi panyanja yathu, linatsikira ku Karonga, n'kukwera mapiri kukayambitsa mishoni ya Rungwe. Lero ku Tanzania ndiko kuli a Moravian ochuluka kuposa dziko lina lililonse. Anthu a manja lende sayenda maulendo otere.

Chitsutso chimene chimandilemera koposa ndi cha ku St Thomas, ndipo sindikufuna kuchipeputsa. Chilumbacho chinali cha Denmark, chodzaza ndi minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Amene anayatsa moto wa ulendowo anali kapolo wa kumeneko, Anton, amene Zinzendorf anakumana naye ku Copenhagen mu 1731. Amishoniwo anagwira ntchito ndi manja awo, anaphunzitsa akapolo kuwerenga, ndipo ambiri anafa ndi matenda a kumalo otentha. Mayi wina womasulidwa ku ukapolo, Rebecca, ankayenda mitunda usiku kukaphunzitsa akazi m'minda, ndipo mu 1738 anatsekeredwa m'ndende pamodzi ndi mwamuna wake Matthäus Freundlich ndi mtsogoleri wa mishoni Friedrich Martin. Zinzendorf atafika mu Januwale 1739 anawatulutsa. Koma potsazikana ndi akapolowo, pofuna kutonthoza mitima ya eni minda, anawauza kuti azimvera mabwana awo, kuti Mulungu ndiye anaika aliyense pamalo pake, ndiponso kuti kutembenuka mtima sikumasula munthu ku ukapolo wa thupi. Choipa koposa n'chakuti mishoni yomweyo inagula munda pamodzi ndi anthu ake, ndipo mpingo unakhala ndi akapolo zaka pafupifupi 100. Anthu owerenga mawu a Mulungu m'mawa uliwonse anatha kudzuka pa pemphero n'kukatuma munthu amene anamugula. Wina akanena kuti kuphunzitsa kumvera ndi chida cha amphamvu, umboni wake ndi umenewu, ndipo ndi woona.

Mbale ya maere imalamulira chimene chifike kukhutu, koma ilibe mphamvu pa mtima umene waganiza kale zimene sudzamva. Zinzendorf anasokoneza kumvera Mulungu ndi kumvera bwana, ndipo anatero chifukwa ankaopa kuti mishoni itsekedwa. Pa nkhani iyi anadalira chifundo cha eni minda kuposa Mulungu amene ankalalikira. Kulakwa kwake kunali kumvera kochepa, osati kochuluka. Umboni wake ndi khalidwe la eni mindawo. Chikhala kuti mawu a m'Baibulo ankangofewetsa akapolo, bwenzi mabwana akulipira okha aphunzitsi. M'malo mwake ankakwapula opita ku misonkhano ndi kuwatenthera mabuku. Ankadziwa kuti munthu amene waphunzira kuti pali Mawu ochokera pamwamba pa bwana, omufikira iye mwachindunji, ofanana kwa iye ndi kwa mzungu, sakhalanso katundu weniweni mumtima mwake. Chipangano Chakale, kumene mawu a tsiku amachokera, n'chodzaza ndi Mulungu wotulutsa akapolo ku Iguputo ndi aneneri odzudzula olanda amphawi. Ophunzitsidwa anamva mbali imene aphunzitsi awo anaitsekera khutu, ndipo mipingo ya anthu akuda imene inamera kumeneko inakhalitsa kuposa minda ya nzimbe. Ukapolo m'zilumba za Denmark unatha mu 1848.

Mayeso omwewa anabweranso m'dziko la Germany lenilenilo. Mu Novembala 1933, pa msonkhano waukulu ku Berlin, gulu la Akhristu otsatira Hitler linafuula kuti Chipangano Chakale chichotsedwe mumpingo chifukwa ndi buku la Ayuda. Kabuku ka ku Herrnhut kanapitiriza kupereka vesi la m'Chipangano Chakale m'mawa uliwonse. Izi sizinasandutse owerenga onse kukhala olimba mtima. Ambiri anakawerenga m'mawa, masana n'kumvera boma lakupha. Koma mmodzi mwa owerenga ake anali mbusa Dietrich Bonhoeffer, amene ali mwana analeredwa ndi mphunzitsi wapakhomo wa chikhulupiriro cha ku Herrnhut, Maria Horn. Mu Juni 1939 abwenzi ake anamupezera pothawira ku New York, nkhondo ili pafupi. M'buku lake la tsiku ndi tsiku la milungu imeneyo muli mavesi a tsiku, ndi kulimbana kwake nawo. Pa 20 Juni anakana ntchito imene anamukonzera, ndipo mu Julayi anakwera sitima kubwerera kwawo. Chofunika kuona n'chakuti sananene kuti vesi lamulamula. Analemba moona mtima kuti zifukwa za chosankha chake sizinali zoyera bwino ngakhale kwa iye mwini, ndipo anazisiya m'manja mwa Mulungu kuti aweruze ndi kukhululuka. Apa pali kusiyana konse ndi timapepala titatu tija: mawu anamuumba zaka zambiri, m'mawa ndi m'mawa, koma kusankha kunali kwake, ndipo anavomera kusenza mlandu wake. Kumvera kumene anaphunzirako ndiko kunamupangitsa kukana kumvera Hitler.

Anamangidwa mu Epulo 1943, ndipo makalata ake a m'ndende ya Tegel amatchula mawu a tsiku kawirikawiri. Ankadziwa kuti makolo ake, bwenzi lake Eberhard Bethge ndi Maria von Wedemeyer, amene anamutomera, angathe kutsegula tsamba lomwelo m'mawa womwewo. Ntchito imene mbale uja ankaigwira poyenda m'nyumba 32 inali kugwirika kudutsa makoma a ndende. Inadzagwirikanso nkhondo itatha, pamene Herrnhut, imene mbali yake yaikulu inapsa ndi moto mu Meyi 1945, inagwera ku East Germany, ndipo kwa zaka 40 mabanja ogawanika ndi malire ankawerenga vesi limodzi kuno ndi uko.

Bonhoeffer sanafike m'masiku amenewo. Pa 8 Epulo 1945, Lamulungu lotsatira Pasaka, anali m'nyumba ya sukulu ku Schönberg, ku Bavaria, pamodzi ndi akaidi a mitundu yosiyanasiyana. Anzake anamupempha kuti atsogolere mapemphero. Anazengereza, poti ambiri anali Akatolika ndipo mmodzi, Vasily Kokorin wa ku Russia, sanali wokhulupirira. Koma Kokorin yemweyo anapempha nawo. Bonhoeffer sanafunefune ndime yoyenera anthu oyembekezera imfa. Anatenga mawu a tsikulo, Yesaya 53:5 ndi 1 Petro 1:3, lina lonena za mabala a mtumiki wovutika, lina za chiyembekezo cha kuuka kwa akufa, nawamasulira. Msilikali wa ku Britain, Payne Best, amene analipo, anasimba pambuyo pake kuti pemphero lomaliza litangotha chitseko chinatseguka, ndipo amuna awiri ovala zovala wamba anaitana dzina la Bonhoeffer kuti anyamuke. Anamutengera ku Flossenbürg, ndipo anamupachika m'bandakucha wa pa 9 Epulo.